Tinachotsa C nkuika Go pa seva ya mathiraki ku Harare: mabowo omwe anatsekeka ndi omwe anatsala

Kampani yomwe ndikunenayi ndi yaing'ono, ili cha ku Msasa kuno ku Harare, ntchito yake ndi kuika timabokosi ta GPS m'mathiraki kuti eni katundu aziona pomwe galimoto yawo yafika. Dzina sinditchula, tinapangana choncho. Eni ake ndi bambo wina wobadwira ku Mufakose koma makolo awo anachokera ku Dedza nthawi ya Federation, nde makasitomala awo ambiri ndi anzathu a mathiraki a njira ya kumudzi, Harare, Mutoko, kutulukira pa Nyamapanda, kudutsa Tete nkukalowa pa Mwanza, ena amakhotera ku Dedza ngati akupita ku Lilongwe. Katundu wake ndi fetereza, shuga, mafuta, nthawi zina zitsulo. Ine ntchito yanga ndi kufufuza makhodi a anthu kufuna mabowo omwe akuba a pa intaneti angalowerepo, ndipo anandiitana poti seva yawo inkangogwa popanda wodziwa chifukwa.

Ndalemba lipotili chifukwa pakati pa ife a makompyuta funso ili silikutha, kodi zilankhulo zolembera mapulogalamu zomwe amati nzotetezeka, Rust, Go, Java, C# ndi zinzake, zimachepetsadi mabowo kapena ndi fashoni chabe yochokera ku America. Ine ndimati zimachepetsa, osati pang'ononso ayi, koma zimachepetsa mtundu umodzi wa mabowo, uja wokhudza memory, malo omwe pulogalamu imasungamo data ikamagwira ntchito, nde nkhani yagona pa kudziwa kuti mu system yanu bowo la mtundu umenewo lingakhale pati, kuti tindalama tochepa tomwe muli nato mutiponye pamalo oyenera.

Mmene zinalili

System yawo inali ndi zigawo zitatu. Kabokosi ka m'thiraki kali ndi SIM, kamatumiza timapaketi ta data pa netiweki ya foni, mkatimo muli malo omwe galimoto ili, liwiro, mafuta otsala mu thanki, komanso ngati injini yayaka kapena ayi. Timapaketi timeneti timakafikira pa pulogalamu yolandira yomwe inalembedwa mu chilankhulo cha C zaka zambiri zapitazo ndi munthu amene pano anasamukira ku Joni, iyoyo imamasula paketi nkuthira mu database. Kenako pali webusaiti ya PHP momwe kasitomala amalowa ndi pasiwedi nkuona mapu. Yomwe inkagwa ndi yapakatiyo, ya C. Ikagwa mapu amauma, mathiraki onse kuoneka ngati aima, mafoni nkuyamba kulira, kasitomala ali ku Limbe akufuna kudziwa kuti thanka yake yaimiranji pakati pa tchire usiku. Mnyamata wa IT anali ataika ka script koti seva ikagwa izidzuka yokha, nde vuto linabisika, mu ofesi anangozolowera kuti yatsokomolanso, dikirani pang'ono ibwerera.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina wa mu control room amene amachezera usiku akuyang'ana ma screen. Iwo anali ndi kope lawo la mizere ngati la ana a sukulu, mapu akauma ankalemba nthawi ndi nambala ya thiraki yomwe amaitsatira pa nthawiyo, osati poti wina anawatuma, amangofuna kuti m'mawa abwana akafunsa akhale ndi poyambira. Nditawapempha kuti ndione anandiuza kuti, "Achimwene, ine za makompyuta zanuzo sindizidziwa, koma imeneyi imagwa thiraki ikamatuluka ku Mozambique, onani nokha." Ndinatenga kope lija nkuliika pambali pa ma log a seva, zinagwirizanadi.

Chomwe chinkachitika ndi ichi. SIM zina roaming imavuta mkati mwa Mozambique, nde kabokosi kakasowa netiweki sikataya data, kamasunga mpaka kadzapeze polumikiza, thiraki ikangofika pa Nyamapanda kapena pa Mwanza kamakhuthula zonse. Timabokosi takale tinkakhuthula pang'onopang'ono, koma kampani inali itagula mtundu wina watsopano wotchipirako womwe umamanga zonse mu paketi imodzi yaikulu. Paketi iliyonse imayamba ndi ma byte awiri onena kutalika kwake. Pulogalamu ya C ija inkawerenga nambala imeneyo nkungoikhulupirira, kenako memcpy, kukopera zonse mu buffer, kamalo kosungiramo data, ya ma byte 512 yomwe inali pa gawo la memory lotchedwa stack, panalibe olo mzere umodzi wofunsa kuti kodi nambalayi siyaposa 512. Zili ngati wagwira chigubu cha malita 20 wina akukhuthulira dramu yonse momwemo, madzi osefukirawo amanyowetsa chilichonse chomwe chili pafupi. Mu C chomwe chimakhala pafupi ndi buffer pa stack ndi adiresi yomwe pulogalamu ibwerereko ikamaliza function imeneyo. Data ya GPS ikaphimba adiresi ija pulogalamu imalumphira malo opanda tanthauzo nkufa, ndiko kutsokomola kuja. Koma munthu wodziwa angathe kusoka paketi yake mwadala kuti pamalo paja pagwere adiresi yomwe iye akufuna, seva nkuyamba kumvera iyeyo.

Apa mpomwe mutu unandiimira. Port ya pulogalamuyi, khomo lomwe data imalowera, inali yotsegukira dziko lonse, sinanga timabokosi timabwera ndi IP iliyonse malinga ndi dziko lomwe thiraki ili, nde sungatseke ndi firewall wamba. Pulogalamuyo inkayenda ngati root, ndekuti inali ndi mphamvu zonse pa makinawo. Inamangidwa ndi malangizo akale a Makefile opanda zotchinga zomwe ma compiler, zida zosandutsa khodi kukhala pulogalamu yoyenda, amaika masiku ano zoti stack ikaonongeka pulogalamu idziwe. Database nayo inali pa makina omwewo. Mu ma log munali zizindikiro za ma scanner aja omwe amangogogoda port iliyonse pa intaneti tsiku ndi tsiku, umboni woti wina analowadi sitinaupeze, koma chomwe chinkaletsa chinali choti palibe amene anali atakhala pansi kuphunzira paketi ya kampani yaing'ono ya ku Msasa, basi.

Ndipo ndisanapitirire, munthu amene analemba pulogalamu ija sanali mbuli. Khodi yake inali yaukhondo, ma comment abwino, inagwira ntchito zaka zambiri. Pamene ankalemba, paketi yoposa 512 kunalibe. Nchifukwa chake ine mawu oti wolemba khodi wabwino safuna chilankhulo chomulera amandinyansa. Bowo lamtundu umenewu ndi lakale kuposa ambirife pa ntchitoyi, Morris worm, pulogalamu yoipa yodzifalitsa yokha ya mu 1988, inadzera pa buffer overflow, kusefukira komweku, mu pulogalamu ya fingerd pa makina a Unix. Mu April 2014 kunatulukira bowo la Heartbleed mu OpenSSL, khodi yobisa mauthenga a pa intaneti, vuto lake mbale wake wa lathuli, kukhulupirira kutalika komwe wanena mlendo, kungoti kumeneko seva inkawerenga mopitirira nkumubwezera mlendoyo mpaka 64KB za memory yake ulendo uliwonse akapempha, muli mapasiwedi ndi makiyi achinsinsi momwemo. OpenSSL inalembedwa ndi akatswiri, khodi yake ili poyera aliyense amaiona, koma bowolo linakhala momwemo zaka ziwiri. Nde ife ndi ndani kuti tiziti tingosamala basi.

Tinamanganso pulogalamu ija ndi AddressSanitizer, chida chomwe chili mu gcc ndi clang chomwe chimakuwa pompo pulogalamu ikagunda memory yomwe si yake, kenako tinaidyetsa mapaketi opotoza ndi fuzzer ya AFL++, poyambira pake tinatenga mapaketi enieni a mathiraki. Overflow ija inatuluka nthawi yomweyo. Panatulukanso lina lomwe palibe ankaliganizira, kabokosi kakaduka pakati pa kutumiza, zomwe pa msewu wa Mutoko zimachitika tsiku lililonse, thread imodzi, nthambi ya pulogalamu yoyenda payokha, inkamasula memory ya connection imeneyo pomwe inzake ikulembabe momwemo. Limeneli ndi use-after-free, ndipo kuliona ndi maso powerenga khodi nkovuta kwabasi poti mbali zonse ziwiri payokhapayokha zimaoneka zolondola.

Mtsutso wa mu ofesi

Titakhala pansi ndi abwana panali maganizo awiri. Iwo ankati, "Achimwene, mwapeza pomwe pakudontha, matani pomwepo, bwanji tigwetse nyumba yonse." Mwana wawo amene amathandiza za IT akaweruka ku yunivesite ankafuna zonse zilembedwenso mu Rust, kuyambira pulogalamu yolandira mpaka webusaiti ndi ya ma invoice yomwe. Kumata tinamata tsiku lomwelo, mzere wofunsa kutalika tinauika, root tinachotsa, zimenezo sizidikira msonkhano. Koma ndinawauza abwana kuti chigamba chimatseka mabowo awiri omwe tawaona, pomwe kampani yawo imagula mtundu watsopano wa timabokosi pafupipafupi ndipo mtundu uliwonse umafuna khodi yatsopano yomasulira paketi, ndekuti malo omwewo azingolembedwa khodi yatsopano ya C chaka ndi chaka, pa khomo pomwe aliyense pa intaneti angagogode.

Umboni womwe ndinawaonetsa si wanga. Mu 2019 a Microsoft ananena kuti pafupifupi 70% ya mabowo omwe amakonza chaka chilichonse m'mapulogalamu awo ndi a memory, ndipo nambalayo inali isanasinthe kwenikweni kwa zaka zoposa khumi. Mu 2020 a Chromium, omwe amapanga Chrome, anapezanso pafupifupi 70% pa mabowo awo aakulu, ndipo pafupifupi theka la amenewo linali use-after-free, lomwe lija tinalipeza pa seva ya mathiraki. Makampani amenewa ali ndi ndalama, ali ndi ma fuzzer oyenda usana ndi usiku, ali ndi anthu olipidwa bwino, koma C ndi C++ zimawatererabe. Koma umboni womwe umandigwira mtima kwambiri ndi wa Android, poti kumeneko anayesadi nkuwerenga zotsatira. A Google anayamba kulemba khodi yatsopano mu zilankhulo zotetezeka, Rust, Kotlin ndi Java, mabowo a memory anatsika kuchoka pa 223 mu 2019 kufika pa 85 mu 2022, ndipo gawo lake pa mabowo onse a Android linachoka pa 76% mu 2019 kufika pa 24% mu 2024. Chofunika kumvetsa apa nchoti sanalembenso Android yonse ayi, C ndi C++ yakale idakali momwemo yambirimbiri. Anaona kuti mabowo ambiri amakhala mu khodi yatsopano kapena yomwe yasinthidwa posachedwa, khodi ikakhalitsa ma bug ake amapezeka nkukonzedwa, nde ukangosiya kuonjezera khodi yatsopano yoopsa nambala imatsika yokha. Nawo maboma anayamba kulankhulapo, NSA ya ku America inatulutsa malangizo mu November 2022 olimbikitsa zilankhulo zoteteza memory, White House nayo inabwereza mu February 2024, ndipo Linux inayamba kulola Rust mu kernel, mtima wa system yake, kuyambira version 6.1 mu December 2022.

Mfundo ya Android imeneyi ndi yomwe inathetsa mkangano, inayankha bambo ndi mwana nthawi imodzi. Pulogalamu yolandira mapaketi tilembenso, poti ndi yomwe imakumana ndi alendo ndipo imasinthidwa pafupipafupi. Ya ma invoice, yomwenso ili mu C koma siyang'ana pa intaneti ndipo palibe waigwirapo kwa zaka, tiisiye. Kulembanso khodi yomwe ikuyenda bwino kumabweretsa ma bug atsopano, mwina osati a memory koma a masamu, nde kasitomala kulandira invoice yolakwika ya ma dollar ndi ZiG, ndalama ya kuno, si nkhani yaing'ono.

Pa chilankhulo ndinasankha Go osati Rust, mnyamata uja sanakondwe poyamba. Rust ndi yamphamvu kuposa, compiler yake imakana kumanga khodi yomwe ingagwiritse memory yomasulidwa kale, ngakhale ma thread awiri olimbirana data imodzi imawagwira isanayende nkomwe, ndipo ilibe garbage collector, chida chomasula chokha memory yomwe yatha ntchito, nde pa zinthu ngati kernel kapena browser ndi yoyenera. Koma ife sitimapanga browser, timalandira timapaketi ta mathiraki, Go imakwanitsa zimenezo popanda kutuluka thukuta. Ndipo funso lomwe ndimafunsa nthawi zonse ndi loti ine ndikachoka adzasamale khodiyi ndani. Anyamata a pa kampanipo amadziwa PHP ndi Python pang'ono, Go anaigwira msanga. Wodziwa Rust bwino kuno ku Harare akapezeka sachedwa kupeza ntchito ya kunja yolipira ma dollar, kampani yaing'ono singamusunge. Chilankhulo chotetezeka chomwe palibe angachiwerenge mu ofesi chimathera poti aliyense akuopa kugwira khodiyo, ma update osachitika.

Titamaliza kulemba, poyesa tinatenga paketi yomwe ija yomwe inkagwetsa seva ya C, tinayamba taidyetsa ku khodi yatsopano titachotsa dala mzere wofunsa kutalika, kuti anyamata aone ndi maso awo chomwe chilankhulo chimachita pachokha. Go inakana kulemba kunja kwa malire, inaima ndi panic nkuonetsa fayilo ndi mzere weniweni pomwe pavuta. Palibe adiresi yomwe inaphimbidwa, palibe njira yoti wakuba alande makina. Phindu lake ndi limenelo ndipo ndi lalikulu, bowo lomwe likanapereka seva yonse linasanduka pulogalamu yongoima. Koma taonani, mu Go goroutine imodzi, yomwe ili ngati thread ija, ikachita panic popanda woigwira pulogalamu yonse imafa, ndekuti paketi imodzi yoipa ikanaumitsabe mapu onse, mayi aja akanalembabe mu kope lawo. Nde mzere wofunsa kutalika unabwerera, connection iliyonse tinaiikira recover yake yogwira panic kuti ikafa izifa yokha, tinaika malire a kukula kwa paketi ndi nthawi yomwe kabokosi kangagwire connection osatumiza kanthu. Use-after-free ija mu Go kulibe poti memory imamasulidwa ndi garbage collector, koma ma goroutine kulimbirana data kulipobe, compiler siiletsa ngati ya Rust, nde ma test onse timayendetsa ndi race detector. Fuzzing inabwera mkati mwa Go kuyambira version 1.18 mu 2022, tinaiika kuti mtundu watsopano wa kabokosi ukabwera khodi yake izidutsa momwemo isanapite pa seva.

Kumene chilankhulo sichinafike

Gawo ili ndi lomwe ndikufuna anzanga a ntchito muwerenge mofatsa. Kontirakiti yanga inali ya pulogalamu yolandira yokha, koma ndinapempha kuti ndisuzumirenso webusaiti poti database ndi imodzi. PHP nayo pa nkhani ya memory ndi chilankhulo chotetezeka, wolemba PHP sagwira ma pointer, sangasefukitse buffer ngati mu C. Ndekuti ngati chilankhulo chikanakhala yankho la zonse webusaitiyi ikanakhala bwinobwino.

Anandipatsa akaunti yoyesera ya kasitomala wa thiraki imodzi. Ndinalowa, ndinadina thiraki yangayo, pamwamba pa browser adiresi inathera ndi id=1041. Ndinafufuta 1 womaliza nkuika 2, enter. Pa screen panabwera thanka ya mafuta ya kasitomala wina, itaima cha pa Mutoko, nambala ya galimoto, dzina la dalaivala, foni yake, ndi njira yonse yomwe yayenda sabata imeneyo mpaka malo omwe amagona. Mwana wa abwana anali pambali panga, anangoti "aaa" nkugwira pakamwa. Khodi inkafunsa funso limodzi lokha, kodi munthuyu walowa ndi pasiwedi. Loti kodi thirakiyi ndi yake silinkafunsidwa paliponse.

Ganizani za dalaivala ameneyo, wanyamula mafuta, usiku, msewu wautali wopanda anthu, ndipo aliyense amene ali ndi akaunti pa kampaniyi, ngakhale kalaliki amene anachotsedwa ntchito kwa kasitomala wina koma pasiwedi akuikumbukabe, angadziwe pomwe wagona. Sizinathere pomwepo. Timabokosi tina tili ndi waya wopita ku pampu ya mafuta woti galimoto ikabedwa uizimitse uli kutali, ndipo batani limenelo nalo linkangofunsa ngati walowa basi. Tinayesa pa thiraki ya kampani yomwe inali pa yadi, kuchokera pa akaunti yoyesera ija, injini inazima. Ine pa ntchito yonseyi ichi ndi chomwe chinandisowetsa tulo, kuposa buffer overflow. Overflow ija inkafuna munthu wodziwa assembly, chilankhulo chapafupi ndi makina, wokhala ndi nthawi, ichi chinkangofuna munthu wodziwa kuwerenga 1, 2, 3.

Pa tsamba la malipoti bokosi lofufuzira nambala ya galimoto linkamata mawu a kasitomala mwachindunji mu SQL, chilankhulo cholamulira database, nde SQL injection yachikalekale ija, yoti mlendo alamule database polemba m'bokosimo, inalipo, ndi chizindikiro chimodzi cha apostrophe database inayamba kudandaula poyera. Komanso kabokosi kankadzidziwitsa ku seva ndi IMEI yokha, nambala yake yomwe yalembedwa pa sitika kunja kwa kabokosi komweko, makaniko aliyense amene watsegula dashboard angaijambule ndi foni, kenako ali pa laputopu nkumatumiza malo abodza, mapu kuonetsa thiraki ili pa mzere ku Nyamapanda pomwe ikutsitsidwa katundu kwina. Limeneli linali mu pulogalamu ya C ndipo linasamukira mu ya Go osasintha, sinanga ndi mmene timabokosito tinapangidwira. Olo tikanalemba mu Rust zikanakhala chimodzimodzi. Compiler imadziwa kukula kwa buffer, koma sidziwa kuti thanka iyi ndi ya ndani.

Izi si za kampani iyi yokha. Pa mndandanda wa 2021 wa mabowo a mawebusaiti wa bungwe la za chitetezo la OWASP, nambala wani ndi broken access control, yomweyi ya kusintha nambala pa adiresi. Bowo la Log4Shell la December 2021 linali mu Log4j, laibulale (khodi yokonzedwa kale yomwe ena amangoigwiritsa) ya Java, chilankhulo chotetezeka, palibe memory yomwe inasefukira, laibulaleyo inkangochita zomwe inapangidwira, ikaona mawu ena ake mu uthenga wolemba mu log inkapita kukatenga khodi kunja nkuiyendetsa. Kampani ya ku America ya Equifax mu 2017 inabedwa data ya anthu pafupifupi 147 miliyoni kudzera mu Apache Struts, Java yomweyo, chigamba chinali chitatuluka kale koma iwo anali asanaike. Nde munthu akandiuza kuti system yathu ili mu Java kapena mu Go ndiye ndife otetezeka, ine ndimamufunsa kuti ma laibulale anu munawapanga update liti ndipo ndani amaona data ya ndani. Onjezeraninso kuti pansi pa zilankhulo zotetezekazi nthawi zambiri pamakhala C, PHP yeniyeniyo inalembedwa mu C, Go ili ndi cgo yoitanira khodi ya C, Rust ili ndi unsafe yolambalalira zotchinga zina. Bowo la libwebp la mu 2023 linali heap overflow mu laibulale ya C yomasulira zithunzi, linakhudza ma browser akuluakulu onse ndi mapulogalamu ambiri omwe eni ake sanalembepo C nkomwe. Ife mu pulogalamu yatsopano tinakana cgo kotheratu chifukwa cha zimenezi.

Ndinawakumbutsanso abwana kuti malo a dalaivala ndi foni yake ndi data ya munthu, kuno Cyber and Data Protection Act ya 2021 inapereka udindo woyang'anira zimenezi ku POTRAZ, bungwe loyang'anira za mafoni, ku Malawi nako lamulo la 2024 linaupereka ku MACRA, ndipo mathiraki awo amayenda maiko onse awiri. Woyang'anira malamulo sadzafunsa kuti munalemba mu chilankhulo chanji.

Webusaiti sitinaisinthe chilankhulo, inakhalabe PHP. Tinalemba function imodzi yofunsa ngati galimoto ndi ya amene walowayo, tsamba lililonse lokhudza galimoto limadutsa pamenepo, ndipo pali test yomwe imalowa ngati kasitomala A nkuyesa kutsegula chilichonse cha B, ikangotheka khodi siloledwa kupita pa seva. SQL yonse inapita pa prepared statements za PDO, zomwe zimalekanitsa mawu a kasitomala ndi lamulo la database. Batani lozimitsa injini linachoka kwa makasitomala, pano amaimbira control room, munthu wa pa shift amatsimikiza kaye ndi mwini galimoto, ndipo lamulo silipita ngati thiraki ikuthamanga. Database tinaisamutsira pa makina ena. Ntchito ya pa webusaitiyi inatenga nthawi yochepa kuposa kulembanso pulogalamu yolandira, ndalama zakenso zochepa, koma ndikaika pa sikelo ngozi yomwe inachotsa pa miyoyo ya madalaivala, inali yoyenera kuyambirira. Kwa amene ali ndi system ngati iyi ndinganene kuti yambani mwasintha nambala pa adiresi ya webusaiti yanu lero, kenako mufufuze kuti ndi khodi iti ya C kapena C++ yomwe imalandira ma byte kuchokera kwa anthu osawadziwa, imeneyo ndiye muisamutse, ndipo yatsopano iliyonse pamalo oterowo isalembedwenso mu C.

Chisamukireni pa Go pulogalamu yolandira sinagwenso ndi paketi, ndipo mitundu yatsopano ya timabokosi anyamata akuonjezera okha. Govulncheck imayenda pa khodi ya Go kuti laibulale ikapezeka ndi bowo adziwe. Nkhani ya IMEI ndi yomwe sinathe. Timabokosi takale sititha TLS, njira yobisa uthenga ndi kutsimikiza woutumiza, ndipo tilibe posungira kiyi, kutisintha tonse kamodzi kampani singakwanitse, poti thiraki iliyonse iyenera kubwera pa yadi nkutaya ulendo. Pakadali pano seva imakana kabokosi komwe kalumpha mtunda wosatheka pa nthawi yochepa kapena komwe kalumikiza kawiri kuchokera malo awiri, nkuyatsa chenjezo ku control room kuti aimbire dalaivala. Wakuba wofatsa amene angatumize njira yabodza yooneka ngati yeniyeni angadutsebe pamenepo, abwana ndinawauza zimenezi poyera ndipo zili mu lipoti lomwe anasaina. Tinagwirizana kuti kabokosi kalikonse katsopano kazikhala kotha TLS ndi kiyi yakeyake, ndipo kusinthaku kuyambire pa mathanka a mafuta ndi mathiraki a fetereza a njira ya Tete.